MAYESO A INJINIYA SATHERA PA PEPALA

Nyengo ya kugulitsa mbeu ikakwana m'midzi yozungulira Chipata, si ndalama zonse zimene zimatsala pa mudzi. Zina zimapita ku feteleza, zina ku malata, koma m'mabanja ambiri muli gawo limene limapatulidwa msanga ndi kutumizidwa pa lamya kwa mwana amene ali ku maphunziro apamwamba ku Lusaka kapena ku Migodi. Makolo otumiza ndalamazo sapempha zambiri. Funso lao caka ndi caka ndi limodzi: kodi mwanayo wapambana mayeso kapena walephera? Funso limeneli ndi loyenera ndithu, koma kwa mwana wophunzira uinjiniya silingayankhidwe ndi liu limodzi, pakuti mayeso ace ali ndi makomo angapo, ndipo ayenera kulowa pa khomo liri lonse.

Mlimi wina wa m'dera la Mfumu Yaikulu Mpezeni anazindikira zimenezi mocedwa, ndiponso atabvutika mtima kwa miyezi ingapo. Mkuluyo amalima nshawa ndi cimanga, ndipo sukulu yao inathera mu Giredi 7 kuciyambi kwa zaka za m'ma 1980. Masiku amenewo malo ku sekondale anali ocepa kwambiri, motero mayeso a masiku owerengeka ndiwo anali kugamula za moyo wonse wa mwana. Iwo anakula ndi maganizo akuti mayeso ndi pepala, wochi pa khoma ndi mphunzitsi woyendayenda pakati pa madesiki. Maina akakhomedwa pa citseko, nkhani yatha.

Mwana wao waciwiri, wamkazi, anali wakuthwa mutu pa masamu ndi sayansi. Atatsiriza Giredi 12 pa sukulu ina ya atsikana ya mu Chipata, anapeza malo pa Copperbelt University ku Kitwe, yunivesiti ya boma imene inakhazikitsidwa mu 1987. Kucokera ku Chipata kudzera ku Lusaka ndi ulendo wa makilomita opitirira 900. Maphunziro amene anasankha ndi a zaka zisanu, ndipo dzina lace ndi mekatroniki. Pa mudzi panalibe wodziwa kuchula bwino dzinalo. Amai ace akafunsidwa ku cigayo anali kungoyankha kuti mwana aphunzira za makina oganiza.

Yankho la amaiwo silinali kutali ndi coonadi. Liu lakuti mekatroniki linapangidwa mu 1969 ndi Tetsuro Mori, injiniya wa kampani ya Yaskawa ya ku Japan, pophatikiza liu la Cingerezi lonena za makina ndi lina lonena za zipangizo za magetsi. Ndi luso lomanga pamodzi zinthu zinai: zitsulo zoyenda monga magudumu ndi malamba, mphamvu ya magetsi yoziyendetsa, tizipangizo timene timamva kuwala, kutentha kapena kulemera, ndi kompyuta yaing'ono imene imalandira zimene tizipangizoto tamva ndi kulamula zitsulo cocita. Cigayo wamba cimagaya ciri conse cimene munthu wathiramo, ngakhale mwala, kufikira munthu atacizimitsa. Koma pampu ya dzuwa imene imaleka yokha thanki ikadzala, makina a ku banki amene amawerenga ndalama ndi kupatsa munthu zokwanira, ndi galimoto zamakono zimene zimadziyezera mafuta opita mu injini, zonsezi ndi nchito ya luso limeneli. Ku migodi ya mkuwa ndi m'mafakitale akuluakulu makina otere ndi ambiri, ndipo amafuna anthu owadziwa.

Zaka zinai zinapita popanda cokhumudwitsa. M'caka cacisanu ndimo munabuka bvuto. Mtsikanayo anauza atate ace pa lamya kuti mapepala amene analemba anawakhoza, koma anali asanatsirize, ndipo anafuna ndalama zina zogulira mota, kamera yaing'ono ndi lamba. Mkuluyo anali atagulitsa kale ng'ombe imodzi caka cimeneco. Sanamvetse kuti munthu angakhoze bwanji mayeso koma osatsiriza sukulu, kapena kuti wophunzira angagule bwanji mota ngati makanika wa ku Kapata. Anthu ena pa mudzi anayamba kunong'ona kuti mwanayo anapeza mwamuna ku Kitwe ndipo anali kungodya cuma ca makolo. Kwa mwezi wathunthu mkuluyo sanatumize kanthu.

Mwanayo anakongola ndalama ya basi kwa mnzace nabwera yekha ku mudzi. Cimene anapempha atangofika cinadabwitsa onse: anafuna nshawa zobvunda, zimene amai ace anali atasankha ndi kuika padera kuti akataye. Madzulo ace, atadya, atate ace anamuitana pa khonde.

"Mwana wanga, ine sukulu sindinapite nayo patali, koma mayeso ndiwadziwa. Munthu amakhoza kapena amalephera. Tsono iwe uli pati?"

"Atate, ndikhululukireni kuti sindinakulongosolereni bwino poyamba. Kwathu kuja satiyesa kamodzi. Ndiloleni ndikuuzeni mmene zimayendera."

Zimene analongosola usiku umenewo ndi zofunika kuti kholo liri lonse la mwana wophunzira uinjiniya lizidziwe.

Khomo loyamba ndi nchito ya m'kati mwa caka. Wophunzira amalemba timayeso tating'ono, amapatsidwa masamu okacitira ku cipinda cace, ndipo amalowa m'nyumba yoyeseramo zipangizo, kumene amalumikiza nthambo, kuyeza mphamvu ya magetsi ndi kulemba lipoti la zimene wapeza. Zonsezi zimapatsidwa malikisi. Pa maphunziro ambiri nchito imeneyi imatenga magawo 40 pa 100, ndipo mayeso a kumapeto amatenga magawo 60 otsala. Motero mwana amene amagona caka conse, kuyembekeza kudzaloweza mabuku mlungu wotsiriza, amalowa m'mayeso ali kale ndi ngongole.

Khomo laciwiri ndilo limene mkuluyo anali kulidziwa: pepala la maola angapo m'nyumba ya mayeso. Koma ngakhale pamenepa funso silikhala lakuti wophunzira abwereze zimene ziri m'buku. Amapatsidwa kulemera kwa katundu ndi liwiro la lamba, ndipo amafunsidwa kuti apeze kukula kwa mota woyenera. Woyesa amayang'ana njira imene wophunzira wadzera, osati yankho lokha, pakuti yankho lolondola lopezeka mwa mwai silingamange mlatho waciwiri.

Khomo lacitatu liri kunja kwa yunivesiti. Pa nthawi ya chuthi wophunzira amatumizidwa ku fakitale, ku mgodi kapena ku kampani ya magetsi kuti akagwire nchito pansi pa mainjiniya enieni. Amasunga buku lolembamo zimene wacita tsiku ndi tsiku, ndipo womuyang'anira amasainamo ndi kulemba za khalidwe lace: ngati amafika pa nthawi, ngati amamvera malamulo a citetezo, ngati amafunsa pamene sadziwa. Apa mkuluyo anakumbukira kuti m'caka cacitatu ndi cacinai mwanayo sanabwere kudzathandiza kukolola, ndipo iwo anamuyesa wonyada.

Khomo lacinai, limene linali kudya ndalama, ndi pulojekiti ya caka cotsiriza. Wophunzira amasankha bvuto lenileni, amalinganiza makina olithetsa, amawapanga, amawayesa, amalemba lipoti lalikulu longa buku, ndipo pomaliza amaima pamaso pa aphunzitsi kuti aonetse makinawo ndi kuyankha mafunso. Mkuluyo atamva izi anakhala cete kwa kanthawi, kenaka anati tsopano amva, pakuti ng'ombe yolimira saigula iri m'khola. Amayamba aimanga pa joko ndi kuona mzere umene ilima.

Bvuto limene mtsikanayo anasankha linali la pa khomo pa makolo ace. Dera la Kum'mawa ndilo limalima nshawa zambiri m'dziko lino, koma nshawa zikauma moipa kapena zikasungidwa pa cinyontho zimagwidwa cuku. Cukuco cimabala ululu wochedwa aflatoxin, umene suoneka ndi maso ndipo sutha ngakhale nshawa zitakazingidwa. Ululu umenewu umaononga ciwindi, ndipo ndi cimodzi ca zifukwa zimene ogula a maiko akunja amakanira nshawa. Njira imodzi yocepetsera ngoziyi ndi kucotsa nshawa zobvunda, zamakwinya ndi zosweka, nchito imene amai ndi atsikana amagwira ndi manja pa licero masiku ambiri. Mtsikanayo anafuna makina aang'ono othandiza pa nchitoyo: lamba woyendetsa nshawa imodzi imodzi, kamera yoziyang'ana, kompyuta yogamula, ndi kampope kouzira mpweya kukankhira yoipa pambali.

Makinawo anali atayamba kugwira nchito, koma panali cinthu cimene cinamubweretsa ku mudzi. Iye anaphunzitsa kompyuta yace ndi nshawa za Chalimbana, zimene khungu lace ndi lotuwa. Tsiku lina anagula nshawa zina pa msika ku Kitwe, za mtundu wa MGV4, umene dzina lace limacokera ku malo ofufuzira za ulimi a Msekera pafupi ndi Chipata, ndipo khungu lace ndi lofiira. Makina anakankhira pambali pafupifupi zonse, zabwino ndi zoipa zomwe. Anali ataphunzira kuti nshawa yakuda khungu ndiyo yobvunda, conco kwa iwo nshawa iri yonse yofiira inali yotaya.

Atamva zimenezi atate ace, amene mantha ao anali pa ng'ombe imene inapita kale, ananena mau amene makolo ambiri akadanena.

"Nanga tsiku la mayesolo ukangowaonetsa Chalimbana yekha? Adzadziwa bwanji za zofiirazo?"

"Atate, mnzanga wina anandiuza zomwezo. Koma funso loyamba la aphunzitsi lidzakhala lakuti ndinayesa mitundu ingati. Ndikanama, adzatenga nshawa zina ndi kuthira okha. Ndipo ngakhale asadziwe, tsiku lina mlimi adzagula makinawa ndi kutaya thumba lonse la nshawa zabwino cifukwa ca ine."

Thandizo linacokera kwa amai ace, amene anali kumvetsera ali pa mphasa. Iwo anati munthu wosankha nshawa sayang'ana mtundu wa khungu, pakuti nshawa iri yonse iri ndi khungu lace. Amayang'ana makwinya, mawanga osiyana ndi khungu lonse, ndi pamene pang'ambika. M'mawa mwace anakhala pansi ndi mwana wao ndi kusankha nshawa za mitundu iwiri, akumuuza cifukwa ca iri yonse imene anaika pambali, ndipo mwanayo anali kulemba ndi kujambula. Anabwerera ku Kitwe ndi timatumba tinai tolembedwa maina, ndi ndalama zimene atate ace anapeza atagulitsa mbuzi ziwiri.

Kumeneko anayambanso kuphunzitsa kompyuta kuti iyang'ane makwinya ndi mawanga. Atakonza ici, cina cinaonekera: makina anali kusankha bwino usiku pa nyali ya magetsi, koma masana, kuwala kwa dzuwa kukalowa pa zenera, anali kusokonezeka. Anapanga kabokosi kophimba kamera, kokhala ndi nyali yace m'kati, kuti kuwala kukhale kofanana nthawi zonse. Zolakwa ziwiri zonsezi anazilemba mu lipoti lace, pamodzi ndi mmene anazipezera ndi mmene anazikonzera. Mphunzitsi womuyang'anira anamuuza kuti mutu umenewo ndiwo oyesa adzawerenga mosamala koposa, pakuti makina amene sanalakwepo ndi makina amene sanayesedwe.

Tsiku loima pamaso pa oyesa linafika. Anapatsidwa mphindi zowerengeka zolongosola nchito yace, kenaka anayatsa makina ndi kuthira nshawa. Mafunso amene anatsata anawauza atate ace pa lamya usiku womwewo. Pa nshawa 100 zobvunda, ndi zingati zimene makina amalola kupita? Pa nshawa 100 zabwino, ndi zingati zimene amataya? Cifukwa ciani anasankha mota wa kukula kotere? Magetsi akazima lamba ali pakati, cimacitika ndi ciani akabweranso? Mwana akapisa cala pa lamba, makina adzaima? Kodi mlimi wa ku Chipata angakwanitse mtengo wace, ndipo kamera ikafa adzaipeza kuti? Mphunzitsi wina anamuuza kuti atsegule malamulo amene analembera kompyuta, naloza mzere umodzi ndi kufunsa nchito yace.

Funso lotsirizali liri ndi cifukwa cace. Masiku ano wophunzira angatenge nchito ya munthu wina pa intaneti, angalipire mnzace kuti ampangire makina, kapena angauze kompyuta kuti imlembere lipoti lonse. Pepala lotere limaoneka lokongola, koma akulu anati cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyerere. Munthu amene sanapange cinthu ndi manja ace amagwidwa pa funso laciwiri kapena lacitatu. Ndi cifukwa cace mayeso a pakamwa sanasiyidwe, ngakhale amadya nthawi ya aphunzitsi. Ndiponso malikisi sakhala m'manja mwa mphunzitsi mmodzi. Oyesa amakhala angapo, ndipo mayunivesiti amaitananso woyesa wocokera ku yunivesiti ina kuti aone mafunso, mapepala ndi malipoti, ndi kutsimikiza kuti muyezo suli wotsika ndiponso kuti palibe kukondera.

Pa funso la cala ca mwana mtsikanayo anagwidwa. Anali ataika batani lozimitsira makina mwamsanga, koma lamba anali poyera, wopanda cochinga. Anabvomera kuti ici cinali cosowa, ndipo malikisi ena anatayika pamenepo. Mkuluyo atamva sanadandaule. Iwo amadziwa mnyamata wa pa mudzi woyandikana nao amene anataya zala ziwiri pa lamba wa cigayo, ndipo anati aphunzitsiwo anacita bwino.

Malikisi a makomo onse ataphatikizidwa, mtsikanayo anapambana ndi kulandira digiri yace. Makina ace sanali angwiro. Anali kusankha pang'onopang'ono kuposa amai ace pa licero, ndipo sakanatha kuona ululu wobisika m'nshawa yooneka yabwino kunja. Izinso anazilemba m'mutu wotsiriza wa lipoti monga nchito yotsala.

Nchito yotsala yotere ndiyo imatengera ena ku digiri yaciwiri, yochedwa masitazi, imene kawirikawiri imatenga zaka ziwiri. Kumeneko muyezo umasintha. Caka coyamba cimakhala ndi maphunziro ndi mayeso monga kale, koma mbali yaikulu ndi kufufuza. Wophunzira amayamba walemba cimene afuna kufufuza ndi kuciteteza pamaso pa aphunzitsi asanaloledwe kuyamba. Akatsiriza amalemba buku la zimene wapeza, ndipo bukulo limawerengedwa ndi oyesa a pa yunivesitiyo ndi wina wakunja. Iwo angalilandire, angalibweze kuti likonzedwe, kapena angalikane. Pa digiri yoyamba amafuna kuona ngati wophunzira angapange makina ogwira nchito. Pa yaciwiri amafuna umboni wakuti njira yace iposa imene inalipo, woyezedwa mwa njira yakuti munthu wina akabwereza apeze zomwezo.

Ngakhale digiri iri m'manja, khomo lina limatsalabe. Bungwe la mainjiniya la Engineering Institution of Zambia, limene linayamba mu 1955, liri ndi mphamvu pansi pa lamulo la mu 2010 yolembetsa mainjiniya ndi kuwapatsa cilolezo cogwirira nchito, cimene cimakonzedwanso caka ndi caka. Wongocoka kumene ku yunivesiti amayamba wagwira nchito pansi pa injiniya wodziwa asanadaliridwe kusainira nchito zazikulu yekha. Malamulo amenewa si ozunzira ana a anthu. Makina a ku mgodi, nthambo za magetsi ndi zipangizo za m'cipatala zikalakwika, amene amabvulala ndi munthu amene sanaonepo n'komwe pepala la injiniyayo.

Kwa makolo a m'midzi nkhani iyi iri ndi malangizo atatu. Mwana asanalembetse pa koleji kapena yunivesiti iri yonse, ndi bwino kufunsa ngati sukuluyo ndi maphunziro ace ndi zobvomerezedwa ndi bungwe la Higher Education Authority, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2013, pakuti safunsa anadya phula. Caciwiri, caka cotsiriza ca uinjiniya cimafuna ndalama ya zipangizo pamwamba pa ya sukulu ndi ya cakudya, ndipo ndi nzeru kuikonzekera mbeu zikali m'munda. Cacitatu, mwana akapempha ndalama yotere, kholo liri ndi ufulu wofunsa kuti akupanga ciani, ndi kupempha cithunzi cace pa lamya. Wophunzira woona amakondwa ndi funso limeneli ndipo amayankha mosabvuta. Amene adodoma, ndiye woyenera kukhala naye pansi.

Mtsikana wa kwa Mpezeniyo tsopano agwira nchito pa fakitale ina, pansi pa injiniya wamkulu, kumene amayang'anira makina odzaza ndi kusoka matumba. Makina ace osankha nshawa anatsala ku yunivesiti, koma lipoti analibweretsa ku mudzi. Pa tsamba lothokoza analembapo dzina la amai ace pamodzi ndi la mphunzitsi womuyang'anira. Nshawa za pa khomopo zikali kusankhidwa pa licero, ndipo iye wanena kuti akadzapeza mpata wa digiri yaciwiri, adzayambira pa cochinga ca lamba.